Kuyambira pa dipuloma kukafika pa digiri ya uinjiniya: mafunso ndi mayankho

Bungwe la NCHE likatulutsa mayina a ophunzira osankhidwa kupita ku mayunivesite 6 a boma, nthungululu zimamveka m'makomo owerengeka. M'makomo ambiri mumangoti zii. Pakati pa otsalawo pamakhala anyamata ndi atsikana amene mtima wawo unali pa uinjiniya, masamu adakhoza ndithu, koma malo adatha asadafikidwe. Ena amabwereza Folomu 4. Ena amauzidwa ndi amalume kuti, "Yamba wachita dipuloma, digiri udzaipeza kutsogolo." Malangizo a amalumewo si olakwika, kungoti amasiya zambiri zosanenedwa, ndipo zosanenedwazo ndi zimene zimadzadya munthu zaka ndi ndalama.

Kodi n'zoonadi kuti munthu angayambe ndi dipuloma n'kudzafika pa digiri ya uinjiniya?

N'zoona, ndipo njirayi si yachilendo. Sukulu ya Polytechnic ya ku Blantyre, imene idatsegulidwa mu 1965 ndipo lero ndi yunivesite yoima payokha yotchedwa MUBAS, idayamba ndi maphunziro a matekinishani ndi madipuloma. Madigiri a uinjiniya adachita kubwera pambuyo. Choncho akuluakulu ambiri amene adagwira ntchito zamisewu, zamadzi ndi zamagetsi m'dziko muno adayamba agwira sipanala ndi tepi asadakhale pa desiki yojambulira mapulani.

Masiku ano khomo lodziwika kwambiri ndi limene mayunivesite amalitcha mature entry. Munthu amene ali ndi dipuloma yovomerezeka, satifiketi ya MSCE yokhala ndi makirediti ofunikira, komanso amene wagwirako ntchito ya m'nthambi yake, kawirikawiri zaka zosachepera 2, amapempha malo mwachindunji ku yunivesite ikalengeza malo. Sadzeranso m'masankho a NCHE a ana ongochoka kusekondale. Akamulandira, nthawi zambiri sayambira chaka choyamba. Amamuika chachiwiri kapena chachitatu malinga ndi zimene adaphunzira kale.

Ndiye kuti dipuloma ndi theka la digiri?

Ayi, ndipo pamenepa ndi pamene ambiri amasokonezekera. Dipuloma ya uinjiniya ya zaka 3 sadaikonze kuti ikhale chiyambi cha digiri. Adaikonza kuti itulutse munthu wokwanira pa ntchito ina yake, ntchito ya tekinishani. Digiri imatulutsa munthu wa ntchito ina. Ntchito ziwirizi zimagwiridwa pamalo amodzi, anthu ake amavala zipewa zofanana, koma mafunso amene aliyense amayankha ndi osiyana.

Tiyeni tipite pomwe akumanga nyumba yosanja. Tekinishani ndiye amaonetsetsa kuti zitsulo zamangidwa monga pulani ikunenera, kuti konkire yasakanizidwa bwino, kuti madzi sadachuluke. Amathira konkire m'timabokosi ta mamilimita 150 mbali zonse, n'kukatiphwanya pa makina patatha masiku 7 ndi masiku 28 kuti aone ngati mphamvu yake yafika pa mlingo. Amaima ndi levulo padzuwa, amalemba zimene wapeza, ndipo zikavuta ndiye woyamba kuona. Funso lake n'lakuti: kodi chimene tikumangachi chikufanana ndi chimene adajambula?

Injiniya funso lake limabwera kale, simenti isadagulidwe: kodi chipilala ichi chikhale chachikulu bwanji, zitsulo zingati, ndipo chifukwa chiyani? Kuti ayankhe ayenera kudziwa kumene malamulo a m'mabuku adachokera. Mwachitsanzo, mtanda wogona pa zipilala ziwiri, wosenza katundu wofanana ponseponse, umawerama pang'ono pakati. Mukatalikitsa mtandawo kawiri, kukula kwake osasintha, kuweramako sikuwonjezeka kawiri. Kumawonjezeka ka 16. Wa dipuloma amaphunzira fomula imeneyi n'kuigwiritsa ntchito bwinobwino. Wa digiri amamufunsa kuti aitulutse yekha kuchokera pa masamu a calculus, kenako anene chimene chingachitike ngati mtandawo suli wogona pa zipilala ziwiri koma zitatu, kapena ngati nthaka ya pansi pa chipilala chimodzi yatitimira. Bukhu likapanda kunena za vuto limene lili patsogolo pake, iye ayenerabe kupereka yankho n'kusayinira.

N'chifukwa chake zaka 3 za dipuloma sizisinthidwa n'kukhala zaka 3 za digiri monga mmene timasinthira ndalama. Yunivesite imayang'ana phunziro lililonse palokha. Kujambula, ntchito za m'wekishopu, kuyeza malo, izi amakukhululukirani mosavuta. Masamu ndi maphunziro ozama a mphamvu za zinthu, kayendedwe ka madzi kapena ka magetsi, apo ndiye amakubwezani kumbuyo, ngakhale dzina la phunzirolo likufanana ndi limene mudalemba kale.

Zonse pamodzi zingatenge zaka zingati?

Tiwerengere limodzi. Digiri ya uinjiniya ku MUBAS imatenga zaka 5 kwa wochokera kusekondale. Wodzera njira inayi amatha zaka 3 pa dipuloma, zaka 2 kuntchito, ndipo akalowa chaka chachitatu zimamutsalira zaka 3, akalowa chachiwiri zimamutsalira 4. Pamodzi ndi zaka 8 kapena 9. Apatu tikunena za munthu amene zamuyendera: ntchito adaipeza atangomaliza, malo adawapeza ulendo woyamba, fizi inalipo, sadabwereze chaka. Kwa ambiri pamadutsa zaka zoposa pamenepo, chifukwa malipiro akayamba kulowa, achibale nawonso amayamba kuwawerengera.

Amene akukuuzani kuti dipuloma ndi njira yachidule sakukuuzani zoona. Ndi njira yozungulira. Ubwino wake ndi wakuti pakati pa ulendo pali poima, ndipo poimapo pali pepala lopezera ntchito.

Ngati zili choncho, si kwabwino kungobwereza MSCE?

Kwa ena n'kwabwinodi. Mwana wa zaka 18 amene masamu ndi fizikisi adapeza 2 kapena 3, koma chidamugwetsa ndi phunziro limodzi kapena awiri apambali, kutaya chaka chimodzi kuti atsitse mapointi kungamupulumutsire zaka zitatu kapena zinayi kutsogolo. Makolo asachite manyazi ndi zimenezi.

Koma kubwereza sikulonjeza malo. Mapulogalamu a uinjiniya ali m'gulu la amene amalimbiranidwa kwambiri, ndipo munthu atha kutsitsa mapointi n'kusankhidwabe ku phunziro limene sadalifune. Komanso pali ana amene m'kalasi amakhala apakatikati koma mukawapatsa injini yophwasula maso awo amawala. Otere dipuloma imawakwana, ndipo ena mwa iwo masamu amadzawamvetsa bwino atawaona akugwira ntchito pa chinthu chogwirika. Chimene ine sindingalimbikitse ndi kulowa dipuloma ya uinjiniya pothawa masamu. Amene masamu a Folomu 4 adangowapulumukira ndi 6 adziwiretu kuti akawapezanso akumudikira pakhomo la digiri, atakula.

Kodi dipuloma iliyonse yolembedwa kuti "engineering" imatsegula khomo limeneli?

Ayi. Pa mafunso onse ali pano, ili ndiye lofunika kulifunsa musadalipire tambala iliyonse.

Madipuloma ndi masatifiketi a ntchito zamanja m'Malawi amachokera kosiyanasiyana. Pali a yunivesite ya boma ngati MUBAS. Pali maphunziro a m'makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Lilongwe, Nasawa, Salima, Namitete, Mzuzu ndi Livingstonia, amene amayang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999. Pali mayeso akunja monga a City and Guilds a ku Britain, amene anthu akhala akulemba m'dziko muno kwa zaka zambiri. Ndiye pali makoleji a anthu wamba, ena abwino, ena a zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo, opanda ngakhale vayisi imodzi. Onsewa amapereka pepala, koma mapepalawo salemera mofanana pamaso pa yunivesite imene mukufuna kudzapitako.

Choyamba, onani ngati sukuluyo idalembetsedwa ku NCHE, bungwe limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti liziyang'anira maphunziro apamwamba. Koma musalekere pomwepo. Kulembetsedwa kwa sukulu n'kosiyana ndi kuvomerezedwa kwa pulogalamu. Koleji itha kukhala yovomerezeka pa maphunziro a zamalonda pomwe dipuloma yake ya zamagetsi siyidaunikidwe n'komwe. Funsani za pulogalamu yeniyeniyo, ndi dzina lake lonse.

Chachiwiri, yambirani kumapeto. Pitani ku yunivesite imene mukufuna kudzatengako digiri, ku ofesi ya rejisitirala kapena kwa mkulu wa dipatimenti, mukafunse kuti, "Munthu wa dipuloma yakuti, yochokera kwakuti, mumamulandira? Amayambira chaka chiti?" Pezani chilengezo cha mature entry cha chaka chathachi muwerenge nokha mzere ndi mzere. Koleji yogulitsa dipuloma idzakuuzani kuti "ana athu amapita ku Poly". Inu afunseni kuti angati, chaka chiti, ndipo adayambira chaka chanji. Akayamba kuzungulira mwadziwa kale yankho.

Chachitatu, magiredi. Mayunivesite ena safuna dipuloma yongokhoza. Amafuna ya kirediti kapena kuposa apo, ndipo malo akachepa amasankha oyamba pamndandanda. Wophunzira amene chaka choyamba cha dipuloma amangoti "bola ndakhoza" akudzitsekera khomo limene sadalifike n'komwe.

Ndingachite dipuloma ya zamagalimoto n'kudzatenga digiri ya zomangamanga?

Mungathe kupempha, koma musayembekezere kuti akuchotserani zaka. Kukhululukidwa maphunziro kumayenda m'nthambi imodzi: zamagalimoto zimatsogolera ku zamakina, zomangamanga ku civil, zamagetsi ku zamagetsi kapena zamafoni. Mukadumpha nthambi mumayambira pansi. Sankhani dipuloma ngati kuti mukusankha digiri.

Kumbukiraninso kuti uinjiniya suli ku MUBAS kokha. MUST ya ku Thyolo, imene idatsegulidwa mu 2014, ili ndi uinjiniya wa zamakemikolo, wa zitsulo ndi wa zipangizo zachipatala. LUANAR ku Bunda imaphunzitsa uinjiniya wa zaulimi ndi wa mthirira. Yunivesite ya Mzuzu ili ndi maphunziro a mphamvu zadzuwa ndi zamphepo. Iliyonse ili ndi malamulo ake olandirira anthu a dipuloma.

Chimawavuta kwambiri n'chiyani anthu a dipuloma akalowa m'kalasi ya digiri?

Masamu. Palibe china choposa pamenepo. Taganizirani bambo amene watha zaka zinayi akukwera mapolo a magetsi, cholembera amachigwira posayina buku la ntchito basi, ndiye akhale pansi ndi achinyamata amene calculus angoimaliza miyezi itatu yapitayo. Mphunzitsi sabwerera m'mbuyo. Amalemba mzere umodzi pabolodi n'kunena kuti "izi mudaziona chaka chatha," ndipo bambo uja chaka chathacho anali ku Nchalo akusintha thiransifoma. Semesita yoyamba ndiyo imapweteka. Ma supu, mayeso obwereza a olephera, amayambira pamenepo, ndipo amene sadakonzekere amachotsedwa sukulu ngati wina aliyense; yunivesite siyang'ana imvi kapena ana amene mwasiya kunyumba.

Mankhwala ake ndi otopetsa koma odziwika: musawasiye masamu pa zaka zimene muli kuntchito. Bukhu limodzi la masamu a uinjiniya, mafunso ochepa madzulo alionse, makamaka algebra ndi trigonometry, chifukwa ambiri amene amati calculus yawakanika kwenikweni chawakanika ndi algebra ya pansi pake. Amene adalembako Additional Mathematics ku MSCE amakhala ndi poyambira.

Komabe nkhaniyi ili ndi mbali ina imene aphunzitsi ambiri amaivomereza. Mphunzitsi akamafotokoza kuti mphamvu yotayika m'waya imakula molingana ndi karenti kuchulukitsa ndi karenti yomweyo, kotero kuti mukakweza voteji kawiri karenti imatsika ndi theka ndipo zotayika zimatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, kwa wachinyamata uja ndi fomula yoloweza. Kwa bambo uja ndi yankho la funso limene wakhala nalo zaka zambiri: chifukwa chiyani mababu a kumapeto kwa laini yaitali amayaka mofiira madzulo, ndipo chifukwa chiyani dziko lidamanga laini ya 400 kV ya makilomita 173 kuchokera ku Phombeya ku Balaka kukafika ku Nkhoma, imene idatha mu 2018, m'malo mongowonjezera mawaya pa malaini akale. Iye amaimva kamodzi n'kuigwira mpaka kale. M'labu ndiye mfumu. Pa polojekiti ya chaka chomaliza magulu amamulimbirana. Zimachitika kuti achinyamata amamuphunzitsa masamu usiku iye n'kuwaphunzitsa kulumikiza mota masana, ndipo malonda amenewa ndi achilungamo kuposa ambiri a mumsika.

Nanga ndalama zimachokera kuti?

Boma lili ndi bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira osowa, HESLGB, limene lidayamba mu 2015. Koma bungweli lili ndi malamulo a amene ali oyenera kupempha, ndipo wolowa kudzera ku mature entry asangoganiza kuti ngongole ikumudikira. Awerenge chilengezo cha chaka chimenecho asadasiye ntchito. Fizi ya mature entry nthawi zambiri imakhalanso yokwera kuposa ya osankhidwa kuchokera kusekondale.

Ambiri amene adutsa njirayi adalipira ndi malipiro awo, kapena adatumizidwa ndi abwana awo. Mabungwe akuluakulu a boma, maunduna ndi makampani ena amapereka tchuthi cha sukulu, ena ndi malipiro, koma posinthana ndi kusayina kuti mukamaliza mudzawagwirira zaka zakuti. Pangano lotere liwerengeni modekha. Funsani makamaka chinthu chimodzi: ndikabwera ndi digiri, mpando wa injiniya ulipo, kapena ndidzabwerera pa giredi yanga yakale kudikira kuti wina apume? Pali anthu amene adabwera ndi digiri n'kukhala zaka akulandira malipiro a tekinishani, atamangidwa ndi pangano limene adasayina mwachimwemwe.

Pa intaneti pali masukulu a ku Australia amene akuti dipuloma ndi ya chaka chimodzi, ukamaliza umalowa chaka chachiwiri cha digiri. Ndi bodza?

Si bodza, koma ndi chinthu china chongofanana dzina. Mayunivesite angapo a ku Australia ali ndi makoleji awoawo, monga Monash College ku Melbourne ndi UTS College ku Sydney, amene amaphunzitsa dipuloma ya uinjiniya ya miyezi 8 mpaka 12 kapena kupitirirako pang'ono. Zophunzira zake ndi zomwezo za chaka choyamba cha digiri, kungoti makalasi ndi ang'onoang'ono ndipo aphunzitsi amakhala pafupi ndi ophunzira. Ukakhoza pa mlingo umene adagwirizana, umalowa chaka chachiwiri cha digiri ya zaka 4 pa yunivesite yomweyo. Adaikonzera ana amene magiredi awo adaperewera pang'ono, komanso ochokera kunja amene akufunika kuzolowera kaphunziridwe ka kumeneko.

Dipuloma yotereyi ndiyedi chiyambi cha digiri, ndipo sitayitsa nthawi. Koma payokha siyipanga munthu kukhala tekinishani. Amene wailekera pomwepo ali ndi chaka choyamba cha yunivesite basi. Lonjezo lolowa chaka chachiwiri limagwira pa yunivesite imene kolejiyo ili nayo pangano, osati paliponse, ndipo limadalira magiredi. Fizi ya wophunzira wakunja ndi madola a ku Australia zikwi makumi angapo pa chaka, malo ogona ndi chakudya osawerengera. Kwa banja la pano lolandira makwacha, imeneyo ndi nkhani ya ochepa kwambiri. Amene akukambirana ndi ejenti afunse kalata yochokera ku yunivesite yeniyeniyo yonena mlingo wa magiredi ofunikira, asakhutire ndi kapepala kokongola ka ejentiyo.

Ku Britain kuli njira yoyandikira ku yathu. Munthu amatenga HNC, kenako HND, ndipo mayunivesite ambiri ali ndi chaka chimodzi chowonjezera chosandutsa HND kukhala digiri. Ambiri amachita zimenezi akugwira ntchito.

Abale athu ambiri ali ku South Africa. Kumeneko zimayenda bwanji?

Kumeneko makwerero ake adalembedwa momveka bwino, ndipo n'zothandiza kuwadziwa chifukwa amaonetsa poyera chinthu chimene kwathu kuno chimabisika. Maphunziro onse ali ndi malevulo. Dipuloma ya uinjiniya, imene imaphunzitsidwa m'mayunivesite monga Tshwane University of Technology, Durban University of Technology ndi Cape Peninsula University of Technology, ili pa levulo 6. Ukawonjeza chaka chimodzi cha Advanced Diploma umafika pa levulo 7, pomwe palinso digiri ya zaka 3 yotchedwa BEngTech. Digiri yakale ya BTech, imene anthu ambiri a dipuloma ankakwerera, idasiya kulandira ophunzira atsopano kumapeto kwa 2019. Ndiye pali digiri ya zaka 4, BEng kapena BSc ya uinjiniya, ya m'mayunivesite monga Wits, Cape Town, Pretoria ndi Stellenbosch, imene ili pa levulo 8.

Bungwe lolembetsa mainjiniya kumeneko, ECSA, limasiyanitsa anthuwa. Wa dipuloma amalembetsa ngati tekinishani, wa Advanced Diploma kapena BEngTech ngati tekinolojisiti, wa digiri ya zaka 4 ngati injiniya, aliyense atagwira ntchito moyang'aniridwa zaka zosachepera 3. Tanthauzo lake n'lakuti munthu atha kukwera kuchokera pa dipuloma n'kufika pa pepala lotchedwa digiri koma osafika pa dzina la Pr Eng, la injiniya wolembetsedwa. Wofuna dzina limenelo nthawi zambiri amayenera kusamukira ku pulogalamu ya zaka 4, kumene amamukhululukira maphunziro ochepa kuposa mmene ankayembekezera. Utekinolojisiti ndi ntchito yolemekezeka ndi yolipira bwino. Vuto limakhalapo pokhapokha munthu atakwera makwerero amenewa akuganiza kuti akupita padenga lina.

Kusiyanitsa kumeneku kudafika mpaka pa mapangano a mayiko. Washington Accord ya 1989 ndi ya madigiri a mainjiniya, Sydney Accord ya 2001 ndi ya matekinolojisiti, ndipo Dublin Accord ya 2002 ndi ya matekinishani. South Africa, Britain ndi Australia ali m'mapangano onse atatu, kotero pepala lovomerezeka m'dziko limodzi limazindikiridwa mosavuta m'dziko linalo. Mmalawi wopita ku South Africa ndi dipuloma yakwathu ayenera kuyamba waipereka ku SAQA kuti aiunike n'kunena levulo yake. Transcript yosonyeza phunziro lililonse ndi magiredi ake imafunika pamenepo, ndipo kuipeza patatha zaka khumi muli ku Johannesburg n'kovuta kuposa kuitenga sabata imene mwamaliza sukulu.

Digiri ikapezeka, ndiye kuti munthu wasanduka injiniya?

Pakamwa pa anthu, inde. Pamaso pa lamulo, wangoyamba kumene. M'Malawi ntchitoyi imayang'aniridwa ndi Malawi Engineering Institution, bungwe limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019. Wongomaliza digiri amalembetsa ngati injiniya wongoyamba, amagwira ntchito pansi pa injiniya wolembetsedwa, amalemba malipoti a zimene wachita, ndipo pambuyo pake amakaonekera pamaso pa akatswiri anzake kuti amuyese. Akadutsa pamenepo ndiye amakhala ndi mphamvu yosayinira mapulani m'dzina lake.

Bungwe lomweli limalembetsanso matekinishani, ndipo wa dipuloma asadikire digiri kuti alembetse. Zaka zimene adagwira asadapite ku yunivesite sizilowa m'malo mwa zaka zoyang'aniridwa ngati injiniya, poti ntchito zake n'zosiyana, koma zimamupatsa zonena zogwirika tsiku loyesedwa. Amene adaonapo khoma likung'aluka kapena mota ikupsa amayankha mafunso mosiyana ndi amene adangoziwerenga.

Kodi aliyense wa dipuloma ayenera kulimbikira mpaka digiri?

Ine ndikuti ayi, ngakhale ndikudziwa kuti m'dziko limene pepala limalemekezedwa kuposa dzanja mawu amenewa samveka bwino. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tonse tikukumbukira mdima umene udatsatira mpaka makinawo atayambanso mu 2023. Ntchito yobwezeretsa malo ngati amenewo imafuna mainjiniya ochepa owerengera ndi kujambula, koma imafuna anthu ambiri oyeza, owotcherera, oyendetsa makina ndi oona kuti chilichonse chakhala m'malo mwake. Mapampu okweza madzi kuchokera ku Walker's Ferry kupita ku Blantyre, zigayo za nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa, makina a mpweya m'zipatala, zonsezi tsiku ndi tsiku zili m'manja mwa matekinishani. Makina ambiri a m'zipatala zathu amaima osati chifukwa chosowa wowajambula, koma chifukwa chosowa wowatsegula n'kupeza kachitsulo kamene kafa.

Tekinishani wodziwa ntchito yake, amene wawonjezera luso lapadera monga la mafiriji akuluakulu, magetsi a dzuwa kapena makina oyendetsedwa ndi kompyuta, atha kutsegula kampani yake n'kumalandira kuposa mnzake wa digiri amene akuyenda ndi envulopu m'maofesi. Ku digiri pitani ngati mafunso a "chifukwa chiyani" akukusowetsani tulo, kapena ngati mpando umene mukufuna lamulo likuti ndi wa injiniya wolembetsedwa. Mukapita chifukwa chongofuna kuti kumudzi azikutchani "a injiniya", dziwani kuti akukutchani kale kuyambira tsiku limene mudakonza chigayo cha a mfumu.

Ndalowa kale dipuloma chaka chino. Ndichite chiyani kuti khomo la digiri lisadzanditsekere?

Masamu ndi sayansi muziwatenge ngati kuti ndiwo maphunziro okhawo amene adzawerengedwe, chifukwa pa tsiku losankha ndiwo adzayambe kuyang'anidwa. Sungani silabasi ya phunziro lililonse, yodindidwa ngati n'kotheka. Yunivesite ikamaganiza zokukhululukirani phunziro imafuna kuona zimene zinali m'kati mwake, osati dzina lokha, ndipo masilabasi amasintha, aphunzitsi amasamuka. Pa atachimenti musakhale wotumidwa kukagula mandasi. Pemphani kuti akupatseni chochita, lembani m'buku lanu zimene mwagwira tsiku lililonse, ndipo wokuyang'anirani azisayina. Mukayamba ntchito sungani kalata yokulembani ntchito ndi ina iliyonse yonena udindo wanu, poti zaka 2 zija amafuna umboni wake papepala, ndipo maganyu opanda kalata, ngakhale mudaphunzirapo zambiri, savomerezedwa mosavuta.

Onaninso satifiketi yanu ya MSCE lero lomwe. Ngati Chingerezi, masamu kapena fizikisi mulibe kirediti, lembetsani mayeso a MANEB ngati wophunzira wapadera mudakali pasukulu, mutu usadazizire. Anthu ena amafika pa chilengezo cha mature entry ali ndi dipuloma yabwino ndi zaka zokwanira za ntchito, n'kubwezedwa chifukwa cha 7 wa Chingerezi amene adamupeza ali ndi zaka 17.